Kodi Mumadziwa? Malata Odontha Popanda Mvula ku Chipyela

Kodi mumadziwa kuti denga la malata limatha kudontha kunja kuli nyenyezi zokhazokha, lilibenso bowo ndi limodzi lomwe? Amene adagonapo m'nyumba yopanda siling'i ku Chipyela, pa chilumba cha Likoma, akudziwa zimene ndikunena. M'bandakucha kadontho kozizira kamakugwera pamphumi, ukawalitsa tochi n'kuona timadontho tandandalika m'mizere ya lata mpaka kukafika pa thabwa. Kukacha mlandu umagwera mmisiri, akuti adakhoma misomali molakwika. Mmisiri musiyeni. Usiku wopanda mitambo lata limataya kutentha msanga, limazizira kuposa mpweya wa m'chipinda, ndipo nthunzi imene mwakhala mukupuma usiku wonse ikaligunda imasanduka madzi. Ndi mame, koma a m'nyumba, ndipo mwawapanga ndi inu nomwe.

Kodi mumadziwa kuti mpweya uli ndi malire a madzi amene ungasenze, ndipo malirewo amayendera kutentha? Tengani bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Kukatentha madigiri 30, mpweya wa m'bokosimo ungasunge magalamu pafupifupi 30 a madzi. Pa madigiri 20 umasunga 17 okha, ndipo pa madigiri 10 sufika n'komwe magalamu 10. Ukazizira, otsalawo umawatula pa chilichonse chozizira chimene wapeza: lata, galasi la windo, khoma la kuseli kwa kabati, ngakhale botolo la Fanta longotuluka m'firiji. Nkhani yonse ya chinyezi m'nyumba yagona pa manambala atatuwa.

Nanga madziwo amachokera kuti? Munthu wogona amatulutsa magalamu pafupifupi 40 pa ola, kudzera m'mpweya ndi pakhungu. Anthu asanu akagona m'chipinda chimodzi maola 8, podzuka asiya lita imodzi ndi theka m'mwamba. Onjezanipo mphika wa nyemba, madzi a kondowole akuwira, zovala zimene mwaziyanika pachingwe m'nyumba chifukwa kunja kukugwa mvula. Moto nawo umabala madzi, ngakhale zikumveka ngati nthabwala. Kilogalamu imodzi ya palafini ikapsa imatulutsa madzi oposa lita imodzi, ndipo ya gasi wophikira imatulutsa lita imodzi ndi theka, kapena kuposerapo pang'ono. Onsewa akapanda kupeza potulukira amakhala momwemo.

Kodi mumadziwa kuti madzi ambiri amene amachoka m'nyanja ya Malawi sadzera mu Shire? Amauluka. Gawo lalikulu limakwera m'mwamba ngati nthunzi, ndipo mtsinjewo umangotenga kagawo kochepa. Pamwamba pa nyanjayi madzi amakhala ofunda chaka chonse, madigiri 24 mpaka 28 kapena 29. Tsono Likoma ndi kachilumba ka makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse, kozingidwa ndi madzi ofundawa mbali zonse. Milambe ndi miyala ya pachilumbapa isakunamizeni kuti n'kouma. Nthaka ikhoza kuuma gwa, koma mphepo iliyonse yofika pakhonde panu yadutsa pamadzi kaye.

Ichi ambiri amachitsutsa akachimva koyamba: mpweya wachinyezi ndi wopepuka kuposa wouma. Timaumva ngati wolemera chifukwa thukuta siliuma pathupi, koma nthunzi ya madzi ndi yopepuka kuposa mpweya wamba. Ukakhala wotentha komanso wachinyezi, umakwera basi. Ukapeza mpata pamwamba umatuluka, ndipo potuluka umakoka wina wozizirirapo kuti ulowe kudzera pakhomo ndi m'mawindo a m'munsi. Mtunda wa pakati pa polowera ndi potulukira ukamakula, kukokako kumakulanso. Safuna magetsi, safuna fani.

Amene akufuna kuona ubwino wa denga lalitali angoyenda kukafika ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, pa Chipyela pomwepo. Amishoni a UMCA adakhazikika pa Likoma cha m'ma 1885. Mwala wa maziko a tchalitchichi adauika ndi Bishopu Gerard Trower mu Januwale 1903, wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito adali Frank George, ndipo chidapatulidwa mu Novembala 1911. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 100. Denga lake ndi la malata, monga nyumba zathu zomwezi, komatu mukalowamo masana a Okutobala simupsa ngati m'golosale ya pamsika. Lata lotenthalo lili kutali ndi mutu wanu. Mpweya wotentha uli ndi malo okwanira okaunjikana pamwamba, kusiya wopumika pansi pamene pali anthu. Makoma ake ochindikala, a miyala ndi njerwa, amachedwa kutentha: dzuwa la masana limatenga maola kuti liwapyoze, ndipo pamene kutenthako kukufika mkati kunja kwayamba kale kuzizira. Makonde a m'mbali mwake amachita ntchito imene khonde la agogo linkachita, yotchinga khoma kuti lisawombedwe ndi dzuwa kapena mvula.

Tiwerengere limodzi. Munthu wongokhala amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Tiyerekeze kuti pa mwambo waukulu mwalowa anthu 1,000 ndipo mapemphero atenga maola 2. Kumeneko n'kutentha kwa mawati 100,000, ndipo aliyense akatulutsa magalamu 50 okha pa ola, ndiye kuti mwatsala malita 100 a madzi, ndowa zisanu za malita 20. Apo sitinawerengere a kwaya, amene amatulutsa ochuluka kuposa pamenepo. Anthu omwewo muwaike m'holo ya denga lotsika, ya mawindo otseka, muone ngati ulaliki ufika kumapeto anthu asanayambe kudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Ine ndimaona kuti makomiti omanga matchalitchi a masiku ano amathamangira matailosi ndi penti, n'kuumira pa mizere inayi ya njerwa imene ikadakweza denga.

Kodi mumadziwa kuti eyakoni sadaipangire anthu? Mu 1902, chaka chimodzi mwala wa ku Chipyela usanaikidwe, Willis Carrier adakonza makina oyamba a mtunduwu ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, pa kampani yosindikiza. Vuto kumeneko lidali mapepala. Kukachita chinyezi ankafufuma, kukauma ankanyala, ndiye mitundu ya inki sinkagwera pamalo ake. Cholinga chidali kuchotsa madzi mu mpweya. Zoziziritsa mabwana m'maofesi zidabwera pambuyo.

Azungu oyamba kufika kunyanja kuno ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo, n'chifukwa chake ankakonda kumanga pamtunda, popita mphepo. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, adapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Maganizo a azungu aja adali olakwika, koma nyumba zopita mphepo zidawathandizabe.

Ndipo apa ndi pamene nkhani ya mpweya imavuta. Kodi mumadziwa kuti udzudzu wofalitsa malungo sukonda kulowera pakhomo? Umatsatira fungo la munthu ndi mpweya umene wapuma, ukagunda khoma umakwera nalo, n'kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpata womwewo ndi umene umatulutsa mpweya wotentha, utsi ndi chinyezi. Mukautseka, monga amisiri amachitira pomanga bimufiling'i, udzudzu umachepa ndithu, koma nyumba ya malata imatentha kwambiri. Ofufuza ku Gambia, motsogozedwa ndi Steve Lindsay, adamanga tinyumba tofanana, tina ta udzu tina ta malata, tina totseka mpata tina totsekula, ndipo adapeza zonse ziwiri: kutseka kumachepetsa udzudzu, komanso kumatenthetsa nyumba ya malata ngati ilibe mawindo okwanira. Adapezanso kuti mawindo akuluakulu okhala ndi sefa amachepetsa udzudzu wolowa, chifukwa fungo la anthu ogona siliunjikana. Ku Côte d'Ivoire adayesa njira ina m'midzi 40: kutseka mpatawo, kuika sefa m'mawindo, kenako kuboola khoma m'munsi mwa denga n'kuikamo timapaipi tokhala ndi sefa ya mankhwala. Mpweya ukutuluka, udzudzu ukufera pasefa. Zotsatira zimene adafalitsa mu 2021 zidaonetsa kuti malungo mwa ana adatsika ndi 38 pa 100 alionse. Choncho amene akutseka bimufiling'i osagula sefa ya mawindo wagwira theka la ntchito.

Neti nayo imadula mphepo yofika pathupi ndi theka, nthawi zina kuposa. Musadabwe kuti mwana amaikankha usiku wa Novembala. Si mwano, watenthedwa, ndipo mankhwala ake ndi windo lotsekula lokhala ndi sefa, osati kukalipa.

Kodi mumadziwa kuti windo limodzi lalikulu nthawi zambiri silipambana awiri ang'onoang'ono oyang'anizana? Mpweya sulowa bwino pamene winawo ulibe kothawira. Ndipo mawindo awiri akasiyana kukula, laling'onolo ndi limene limalamula kuchuluka kwa mpweya wodutsa. Asodzi a pa Likoma amadziwa mphepo ndi maina ake kuposa wojambula mapulani aliyense wa ku Lilongwe: mwera wochokera kummwera, umene umavuta kuyambira Meyi mpaka cha m'ma Ogasiti kapena Seputembala, umene umagwedeza ngakhale sitima ya Ilala; mpoto wa nthawi ya dzinja; vuma wochokera kummawa, mbali ya Cobue. Palinso kamphepo ka tsiku ndi tsiku. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, ndiye mphepo imachokera kunyanja kupita kumtunda, usiku n'kubwerera. Chodabwitsa n'chakuti msodzi yemweyo akamamanga nyumba amayang'anitsa mawindo onse kumsewu, kuti odutsa aone makatani.

Mwera uli ndi kachinyengo kake pa denga. Mphepo yamphamvu ikamadutsa pamwamba pa malata imawayamwa, kuwakokera kumwamba, makamaka m'mphepete ndi m'makona. Ikalowanso pakhomo loyang'ana kumene ikuchokera, kuseli kuli kotseka, imawakankha kuchokera mkati. Madenga ambiri amasasuka chonchi, miyala yotsindira ili pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti zipatala zakale zidapezeka kuti zimapuma bwino kuposa zamakono? Mu 2007 dokotala Rod Escombe ndi anzake adafalitsa zimene adapeza m'zipatala za ku Lima, m'dziko la Peru, kumene TB inkavuta. Adayeza kuti mpweya wa m'chipinda umasinthika kangati pa ola. Kungotsekula mawindo ndi zitseko kunkausintha maulendo 28, pamene zipinda za makina okoka mpweya zimakonzedwa kuti zizifika 12. M'zipatala zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za madenga ataliatali ndi mawindo akuluakulu, unkasinthika maulendo 40. M'zamakono, 17. Mu 2009 bungwe la WHO lidalangiza kuti m'mawodi wamba odalira mawindo muzidutsa malita 60 a mpweya pa sekondi pa wodwala aliyense. Kotero namwino akatsekula windo m'wodi inu mukudandaula kuti kukuzizira, pemphani bulangeti, windo lisiyeni.

Tsopano makoma. Kodi mumadziwa kuti madzi amakwera khoma kuchokera pansi? Njerwa ili ndi timibowo tosaoneka timene timamwa madzi a m'nthaka n'kuwakweza, kawirikawiri mpaka pafupifupi mita imodzi. Mudzaona mzere wakuda wokhotakhota m'munsi mwa khoma, penti ikutukumuka, ndi kaufa koyera kotuluka pa pulasitala. Kaufako ndi mchere wa m'nthaka ndi m'njerwa umene watsala madzi atauluka, ndipo ukamaumira mkati umaswa njerwa pang'onopang'ono mpaka kumayoyoka mukaikanda ndi chala. Chotchinga chake ndi chotchipa mochititsa manyazi: kapulasitiki kakuda kaja amisiri amati DPC, koyala pamwamba pa maziko mzere woyamba wa khoma usanayambe. Kukasiya pomanga ndi kosavuta. Kukaika nyumba itatha ndi ntchito yolira.

Apa eni nyumba ambiri amalakwitsa kachiwiri. Akaona khoma lanyowa amalimata simenti yambiri n'kupaka penti ya mafuta, kuti madzi asadutse. Madziwo sachokera kunja, ali kale mkati, ndipo mwawatsekera njira. Amakwera kupitirira pamene mwamata n'kukatulukira pamwamba pake. Nyumba zakale za dothi kapena za laimu zinkanyowa m'dzinja n'kuuma m'chilimwe popanda vuto, chifukwa dothi ndi laimu zimalola nthunzi kudutsa. Akatswiri okonza nyumba zakale, kuyambira ku Zanzibar mpaka ku England, amachenjeza chimodzimodzi: khoma lomangidwa ndi laimu musalizigike ndi simenti, chifukwa chinyezi chimathawira mu njerwa yofewayo, njerwa n'kudyeka, simenti ili chilili. Pachilumba pamene thumba lililonse la simenti limabwera pa sitima kapena pa boti, kulitaya motero n'kupweteka kawiri.

Kodi mumadziwa kuti kutenthetsa chipinda sikuchotsa madzi ndi dontho limodzi? Mpweya wotentha umangowameza, moto ukazima n'kuwalavula pakhoma. Pa Likoma sitisowa hita, koma abale athu ali ku Joni amaidziwa nkhaniyi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Johannesburg kumazizira mpaka madzi kuundana panja, ndiye anthu anayi kapena asanu m'kachipinda ka lendi amatseka mpata uliwonse ndi nyuzipepala, n'kuyatsa hita ya palafini. Aja malita tinawerenga poyamba onse ali mmenemo. Pofika Ogasiti khoma la kumutu kwa bedi lachita nkhungu yakuda bii, jekete la kutchalitchi lachita mawanga, ana akutsokomola. Nkhungu imafuna malo amene chinyezi chimakhala pa 80 pa 100 kwa masiku angapo, ndipo WHO idanena mu 2009 kuti nyumba zonyowa ndi zankhungu zimawonjezera chifuwa ndi mphumu.

Choopsa kuposa nkhungu ndi mbaula. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umagwira magazi mwamphamvu maulendo oposa 200 kuposa mpweya wabwino umene thupi limafuna. Munthu amayamba ndi mutu, kenako tulo. Makala ofiira osafuka utsi ndi amene amanamiza anthu kuti apsa bwino ndipo ndi otetezeka. Mbaula igone panja, kaya ndi ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Joni.

Fani siziziritsa chipinda, mumadziwa? Imaziziritsa munthu, poumitsa thukuta lake. Mota yake imaonjezera kutentha pang'ono, choncho kuisiya ikuzungulira m'chipinda chopanda munthu n'kutha mayunitsi chabe. Madzulo kunja kukazizirirapo, iikeni pawindo iyang'ane kunja kuti itulutse mpweya wotentha, ndipo wozizira ulowa wokha pawindo linalo. Eyakoni ndiyo imachotsadi madzi, ndi aja mumawaona akudontha pa kapaipi kuseli kwa ofesi kapena malo ogona alendo. Koma yaikulu kuposa chipinda si yabwino: imaziziritsa msanga n'kuzima isanakame madzi okwanira, chipinda n'kukhala chozizira koma chonyowa, mashiti akununkha chinyezi. Ndipo eyakoni imafuna zosemphana ndi zonse tanenazi. Iyo imafuna chipinda chotseka bwino. Nyumba imodzi singatumikire njira ziwirizi nthawi imodzi, ndiye musankhe musanamange, poganizira kuti magetsi akathima chipinda chomangira eyakoni sichigoneka.

Kodi mumadziwa kuti akatswiri enieni a moto, mpweya ndi chinyezi m'dziko muno ndi alimi a fodya? M'bani ya fodya wa flue-cured, monga a ku Kasungu, tsamba limalowa lili madzi oposa 80 pa 100. Kwa masiku oyamba wowotcha amasunga moto wochepa, mabowo a mpweya ali otseka, kuti tsamba lichite chikasu lisanaume. Kenako amakweza moto pang'onopang'ono mpaka madigiri pafupifupi 70, akutsekula mabowo a pansi ndi a pamwamba kuti nthunzi ituluke. Akachedwa kutsekula, fodya amachita thukuta n'kuda. Akafulumira, amauma ali wobiriwira. Wa burley m'chigafa alibe moto n'komwe, amangodalira mphepo yodutsa. Bambo wodziwa zonsezi madzulo amakagona m'nyumba ya kawindo kamodzi kokhomedwa ndi lata.

Ku Harare kuli nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi, Eastgate, imene idatsekulidwa mu 1996. Wojambula mapulani ake, Mick Pearce, adatengera nzeru ku chulu cha chiswe. Usiku mafani amakokera mpweya wozizira m'mipata ya pansi pa zipinda kuti konkire izizire, masana mpweya wotentha umatulukira m'machumuni a padenga. Zimatheka chifukwa ku Harare usiku umazizira kwambiri kusiyana ndi masana. Kunyanja kusiyanako n'kochepa, kotero pa Likoma mthunzi ndi mphepo yodutsa zimathandiza kuposa kulemera kwa khoma kokha.

Denga la udzu silidontha mame, chifukwa silizizira ngati lata ndipo nthunzi imalidutsa. M'khitchini utsi umaliteteza ku tizilombo, koma mapapo a wophika ndi amene amalipira. Wa malata amene sangakwanitse siling'i ya mabolodi akhoza kuyala mphasa kapena bango m'munsi mwa denga, n'kusiya mpata kuti mpweya uziyenda pakati, mabowo a kunsonga kwa khoma atatsekedwa ndi sefa osati ndi njerwa. Lata la masana limapitirira madigiri 60, ndipo lopakidwa penti yoyera limatentha mocheperapo kwambiri kuposa lakuda kapena ladzimbiri, ngakhale kuti lakuda ndi lomwe lili m'fasho. Thumba la ufa wa chinangwa, makaka kapena usipa wouma lisakhudze simenti ya pansi kapena khoma. Liikeni pa matabwa, apo ayi chuku chiyambira kunsi inu mukuona pamwamba pali bwino. Kabati nayo isunthidwe kutalika kwa chikhatho kuchokera kukhoma.

Ndipo ngati mukukangana ndi mwini nyumba za kumene madzi a pakhoma akuchokera, mlanduwo umaweruzidwa ndi jumbo. Pukutani pamalo ponyowapo, dulani kapulasitiki koonekera mkati, mukamate ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, mukasiye masiku awiri. Madontho akapezeka pamwamba pa pulasitiki, mbali yoyang'ana kuchipinda, madziwo ndi a mpweya wanu, tsekulani mawindo ndipo zovala muziyanika panja. Akapezeka kunsi, pakati pa pulasitiki ndi khoma, akuchokera m'khoma momwemo, ndiye muitaneni mwini nyumbayo mukaone limodzi maziko, ngalande ya kuseli ndi pamene madzi a padenga amagwera.